Kodi sikani ingatchaje kamakina ka mtima?

Adokotala, bambo anga adawaika kamakina kowongolera kugunda kwa mtima, kamene amakatcha pacemaker, zaka 9 zapitazo ku India. Pano akuti batire yatsala pang'ono kutha ndipo afunika opaleshoni ina. Mwana wanga wamva zoti kunja kuli timakina totenga mphamvu ku mafunde a sikani, ija amajambulira amayi oyembekezera. Kodi sitingangopita nawo ku Gulupu akawatchajire pa sikaniyo?
Mayi wa ku Chilomoni

Mayi, mwana wanuyo sadaname, koma kwa bambowa sizingatheke. Batire ya pacemaker yawo sidapangidwe kuti izitchajidwa, ndipo mulibe chilichonse m'kamakinamo cholandirira mafundewo.

Sikani imagwiritsa ntchito phokoso losongoka kwambiri loti khutu la munthu silingamve, la ultrasound. Ife timamva mpaka mafunde pafupifupi 20,000 pa sekondi, pomwe sikani imatulutsa mamiliyoni. Mu 1880 Pierre Curie ndi mbale wake Jacques adapeza kuti timiyala tina tikapsinjidwa timatulutsa magetsi. Ndiye mukaika kamwala kotere m'thupi n'kumakawomba ndi mafundewa, kamanjenjemera n'kupanga magetsi okwanira kuyendetsa kachipangizo kakang'ono popanda waya. Phokoso limayenda bwino m'minofu, pafupifupi mamita 1,540 pa sekondi, ndipo limalowa mkati kwambiri, kumene mafunde a wailesi amakafika atafowoka. Chimene limadana nacho ndi fupa ndi mpweya. N'chifukwa chake kusikelo amayamba akupakani mafuta ozizira aja pamimba, kuti pakati pasatsale mpweya.

Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley adayesa pa makoswe kachipangizo kocheperako kuposa njere ya mpunga, kamene kankawerenga uthenga wa m'mitsempha n'kuwubweza kunja pa mafunde omwewo. Kwa anthu, chimene chafikadi ndi chipangizo chothandiza mtima kugunda bwino chotchedwa WiSE, cha kampani ya EBR Systems, chimene dziko la America lidavomereza mu 2025. Kachidutswa konga njere ya mpunga kamaikidwa m'kati mwa mtima kumanzere, mphamvu n'kumachokera ku kamakina kena kobisidwa pakati pa nthiti. Koma taonani apa: kamakina kotumiza mafundeko kali ndi batire yake pansi pa khungu, nayonso imatha, ndipo zonsezi zimagwira ntchito limodzi ndi pacemaker yanthawi zonse. Mpeni sunathawidwe ayi.

Ndikuona kuti chakusowetsani tulo ndi mawu oti opaleshoni. Kusintha batire si ntchito yaikulu ngati yoyamba ija. Amachititsa dzanzi pansi pa phewa, n'kutumbula pang'ono, kuchotsa kabokosi kakale n'kulumikiza katsopano. Mawaya opita kumtima nthawi zambiri sawakhudza. Batireyi sithima mwadzidzidzi ngati magetsi. Imachenjeza kukadali miyezi, bola bambo asamaphonye masiku awo okapimitsa. Funsani dokotala wawo wa mtima msanga kumene ntchitoyi ikachitikire, kuti banja liyambe kukonzekera thumba nthawi ikadalipo.

Sikani yojambula mtima kapena mimba siwononga pacemaker, musawaletse. Chosamala nacho ndi makina a ultrasound otenthetsa minofu amene a mafizo, owongola ziwalo aja, amagwiritsa ntchito. Amenewo asayandikire pamene pali kamakinapo, ndipo bambo azinena okha kuti ali ndi pacemaker asanagone pabedi. Akayamba kumva chizungulire, kubanika kapena kukomoka, musadikire tsiku lolembedwa m'buku, thamangirani nawo ku Gulupu tsiku lomwelo.