Kwa achemwali amene akufunsa za kuiwala kwa amayi awo odwala chithokomiro

Achemwali, mwati amayi anu anawapeza ndi chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyezo, ndipo masiku ano akumaiwala mphika pamoto, akumafunsa chinthu chimodzi katatu. Mukufunsa ngati mutu wawo udzabwerera mwakale. Sindine dokotala, koma matenda omwewa anandigwira ndili ndi zaka 41 ndipo ndinamwa mankhwala chaka ndi theka, ndiye ndikuuzani zimene ndinadutsamo ndi zimene anandifotokozera kuchipatala.

Kuiwalako kukhozadi kuchokera ku chithokomirocho. Chithokomiro ndi kachiwalo kokhala ngati gulugufe kamene kali kutsogolo kwa khosi. Kamatulutsa mahomoni awiri, T4 ndi T3, amene amalamula liwiro la thupi lonse. Akachuluka, zonse zimathamanga: mtima umagunda ngati wathamangitsidwa ndi galu, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka ngakhale mu June, munthu amadya kwambiri koma n'kumaonda. Ine abale anandiperekeza kokayezetsa HIV, TB ndi shuga, zonse osapezeka, mpaka azakhali anga anayamba kunong'ona za kulodzedwa.

Chimene ndinadzazindikira pambuyo pake n'chakuti zambiri zimene ndinkati ndaiwala, sizinkalowa n'komwe m'mutu. Munthu akamandilankhula, maganizo anali atadumphira kale pa zinthu zina zisanu. Usiku ndinkagona maola atatu, nthawi zina osakwana. Ndiye munthu wosagona, wodzaza nkhawa, mtima uli phaphapha, angasunge bwanji kuti makiyi waika pati? Ndinkalowa m'chipinda n'kuima ngati mlendo, osadziwa chimene ndadzatenga. Pamsika ndinkalipira tomato n'kumusiya pabenchi pomwepo. Koma mayina a ana anga, njira yopita kumudzi, nyimbo za kutchalitchi, zonsezo zinalipo. Muwayang'anitsitse amayi anu ngati zilinso choncho.

Kwa anthu akuluakulu matendawa amabisala. Ena sanjenjemera, satuluka thukuta, amangofooka, kukhala duu, kusowa chidwi ndi chilichonse, ndipo apabanja amangoti ndi ukalamba. N'chifukwa chake munthu wachikulire akayamba kuiwala, madokotala amayezanso chithokomiro asanagamule kuti ndi matenda a ubongo.

Poyeza magazi amaona TSH, homoni yochokera ku kachiwalo ka pansi pa ubongo imene imauza chithokomiro kuti chigwire ntchito. Chithokomiro chikapyola muyezo, TSH imatsika kwambiri pamene T4 imakwera. Manambala amenewa muwapemphe awalembe m'buku lakuchipatala la amayi, chifukwa dokotala wotsatira adzafuna kuyerekeza. Chimene chimayambitsa vutoli kawirikawiri ndi matenda a Graves, otchedwa ndi dzina la dokotala wa ku Ireland, Robert Graves, amene anawafotokoza mu 1835. Apa chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kumakankha chithokomiro kuti chizigwira ntchito osapuma, ndipo ena maso amatong'oka. Kwa achikulire nthawi zina ndi timibulu ta m'chithokomiro timene timatulutsa mahomoni patokha. Funsani kuti amayi ali ndi mtundu uti, chifukwa wa timibuluwu suzimiririka ndi mapiritsi okha.

Ine anandipatsa carbimazole, amene amachepetsa kupangidwa kwa mahomoniwo. Sagwira tsiku lomwelo. Zimatenga milungu 4 mpaka 8 kuti munthu amve kusintha, chifukwa mahomoni amene apangidwa kale amayenera kutha kaye. Podikira anandipatsanso propranolol wokhazika mtima pansi ndi kuletsa kunjenjemera. Ngati amayi ali ndi mphumu, muuzeni dokotala asanawalembere propranolol, chifukwa amatha kubanikitsa. Pa matenda a Graves, carbimazole amamwedwa miyezi 12 mpaka 18, ndipo pafupifupi theka la anthu matendawa amabwereranso akasiya. Zikatero pali njira zina ziwiri: kumwa ayodini wa radiyesheni amene amafotetsa chithokomirocho, kapena opaleshoni yochichotsa. Zonse ziwirizi nthawi zambiri zimasiya munthu akumwa levothyroxine, wolowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, moyo wake wonse, kapiritsi kamodzi m'mawa asanadye.

Ichi chokha musachiiwale, poti amayi akhoza kuchiiwala: munthu womwa carbimazole akamva zilonda zapakhosi, kutentha thupi kapena zilonda m'kamwa, asiye kumwa ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi. Sizichitikachitika, koma mankhwalawa amatha kugwetsa maselo oyera olimbana ndi matenda. Musangoti ndi malungo n'kugula LA pagolosale. Chimodzimodzi akasokonezeka mutu mwadzidzidzi, thupi litatentha kwambiri, mtima ukuthamanga, kapena akapinda pakamwa ndi kufooka mbali imodzi, musadikire kuti kuche. Chithokomiro chosasamalidwa chimasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo chikhoza kubweretsa sitiroko.

Kwa ine mtima ndi umene unayamba kukhazikika, kenako tulo tinabwera, mutu unatsalira. Magazi atabwerera mwakale ndinatha miyezi inanso ndikulemba chilichonse pakapepala, ndipo ndinkakwiya dokotala akamati zotsatira zili bwino pamene ine ndikuiwalabe. Ambiri amabwerera mwakale, ena amatsala ndi kulephera kuika maganizo pamodzi kwa nthawi yaitali ndithu.

Panali nthawi ina, cha m'mwezi wachisanu ndikumwa mankhwala, kuiwala kunabwereranso koma mwa mtundu wina. Ndinkazizidwa, kunenepa, kuwodzera masana, kuganiza mochedwa ngati mutu wadzaza phala. Ndinali nditadumpha tsiku loyezetsa chifukwa cha ndalama ya thiransipoti, ndipo mlingo wa mankhwala unali utandikulira, chithokomiro chatsika mopitirira. Chithokomiro chofooka nachonso chimaiwalitsa. Atachepetsa mlingo ndinatsitsimuka. Ndiye poyambirira pano magazi aziyezedwa milungu 4 mpaka 6 iliyonse, ndipo musachepetse kapena kuwonjezera mapiritsi panokha.

Pakali pano muwathandize ndi zazing'ono. Mapiritsi aziwapatsa munthu mmodzi, nthawi imodzi tsiku lililonse, n'kumachonga pakalendala, kuopa kuti angamwe kawiri. Tiyi wamasamba wambiri, khofi ndi zakumwa za kola achepetse, makamaka madzulo. Akamaphika pakhale wina pafupi. Ndipo musamawayese mafunso a "mwaiwalanso?", chifukwa nkhawa imangowonjezera vutolo, amuna anga ankandichita zimenezo ndipo ndinkangolira.

Ngati patapita miyezi ingapo magazi ali bwino koma kuiwala kukukulirakulira, akusochera njira yodziwika kapena akulephera kuzindikira achibale, bwererani kwa dokotala muwauze zimenezo mwachindunji. Akhoza kuyeza vitamini B12, kuchepa kwa magazi, shuga ndi BP, kufufuza za matenda a nkhawa, kapena kuwatumiza ku chipatala chachikulu. Popita mutenge mankhwala onse amene amayi akumwa, ngakhale azitsamba ndi mavitamini ogula okha, chifukwa ena monga biotin amasokoneza zotsatira za magazi a chithokomiro.