Kodi boma lizilipira fizi ya ku yunivesite? Yankho langa kwa mayi amene anandilembera

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene mwana wake wamkazi wasankhidwa kupita ku yunivesite ya boma. Mayiwa amachita geni ya tomato ndi anyezi pamsika, bambo wa mwanayo anamwalira kalekale, ndipo kunyumba kuli ana ena awiri amene ali pasukulu. Akuti tsiku limene mayina anatuluka anavina mpaka anthu oyandikana nawo anabwera kudzaona, koma kuyambira pamenepo tulo sakutiona. Funso lawo ndi lakuti: bwanji boma silingolipira fizi ya ana onse amene asankhidwa, monga linachitira ku pulayimale? Kodi si ife tomwe timakhoma msonkho?

Mayi, choyamba ndikuyamikireni. Kulera mwana ndi ndalama ya tomato mpaka akhoze MSCE ndi mapointi oti n'kumutengera ku yunivesite si ntchito yamasewera. Yankho langa ndi ili: mwana wanu boma liyenera kumulipirira, ndipo osati fizi yokha, komanso chakudya ndi malo ogona. Koma kulipirira ana onse mosasiyanitsa, ine sindikugwirizana nazo, ndipo chifukwa chake ndi chakuti zimenezo zingapweteke anthu ngati inu amene.

Tiyambe ndi msonkho umene mwatchulawo, chifukwa mukunena zoona. Anthu ambiri amaganiza kuti wokhoma msonkho ndi amene amadulidwa PAYE pa malipiro a pamwezi basi. Ayi. Inu mukagula mayunitsi a foni, mukagula katundu m'sitolo, mukakwera minibasi imene yathira mafuta, mwakhoma kale msonkho. Mlimi wa fodya ku Kasungu, wothyola tiyi ku Mulanje, msodzi wa ku Nkhotakota, onsewo akuponya m'thumba lomwelo. Ndiye funso lenileni ndi lakuti ndalama ya anthu amenewa ikapita ku yunivesite, ikukathandiza mwana wa yani?

Mukafika pa yunivesite iliyonse ya boma tsiku limene ophunzira atsopano akufika, taonani magalimoto amene akutsitsa ana pageti. Alipo obwera ndi chikwama chimodzi atatsika basi, inde, koma ambiri anachokera ku sukulu zapulayiveti, ku sukulu za mishoni zodziwika bwino ndi ku sekondale zikuluzikulu za boma zogonera komweko. Ofufuza a World Bank analemba kale kuti gawo lalikulu la ophunzira m'mayunivesite athu limachokera m'mabanja opeza bwino. Sizodabwitsa. Mwana wa pa CDSS ya kumudzi, imene ilibe labu, ilibe laibulale, mphunzitsi wa fizikisi sanaonekeko chaka chonse, akupikisana pa mayeso amodzimodzi ndi mwana amene makolo ake akhala akumulipirira ndalama zambirimbiri teremu iliyonse kuyambira ku nazale. Kholo limene lakwanitsa kulipira sekondale yapulayiveti zaka zinayi, kapena Kamuzu Academy ku Mtunthama, silingalephere fizi ya ku yunivesite ya boma, imene nthawi zambiri imakhala yotsikirapo kuposa imene amalipira ku sekondaleko. Boma likanena kuti aliyense aphunzire ulere, ndiye kuti msonkho wa mayunitsi anu ukukachotsera katundu bwana amene sanapemphe n'komwe thandizo.

Chinanso chimene ambiri sadziwa ndi chakuti boma likulipira kale gawo lalikulu. Fizi imene mwauzidwayo si mtengo wonse wophunzitsira mwana mmodzi. Malipiro a aphunzitsi, nyumba zophunziriramo, magetsi, madzi, zambiri mwa izi zimachokera ku ndalama imene Nyumba ya Malamulo imapereka ku mayunivesite chaka chilichonse. Ndipo mayunivesite achuluka. Kale tinali ndi University of Malawi (UNIMA) yokha, ndi nthambi zake za Chancellor College ku Zomba, Polytechnic ku Blantyre, Bunda, Kamuzu College of Nursing, kenako College of Medicine mu 1991. Kenako kunabwera Mzuzu University, Bunda inaima payokha n'kukhala LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 UNIMA inagawidwa n'kubala MUBAS ndi KUHeS. Akuluakulu amene amatiuza kuti iwo anaphunzira ulere, akudya nyama ku kafiteriya ndi kulandira kandalama ka m'thumba, sakunama. Koma nthawi imeneyo osankhidwa anali ochepa kwambiri moti boma likanatha kuwadyetsa onse. Amene anatsala kunja, omwe anali pafupifupi dziko lonse, satchulidwa m'nkhani zokoma zimenezo.

Mwatchula za pulayimale, ndipo apa ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Chinali chinthu chabwino, ndipo sindingalole munthu anene kuti chinali cholakwika, chifukwa ana ochuluka amene akanakulira kubusa ndi kudimba anaphunzira kulemba ndi kuwerenga. Koma tikumbukire zimene zinatsatira. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi sanakwane, ana anayamba kuphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi ambiri osaphunzitsidwa mokwanira. Mpaka lero mphunzitsi mmodzi akumaima kutsogolo kwa ana oposa 100 ku Sitandade 1. Kuchotsa fizi n'kosavuta, pulezidenti akhoza kulengeza pamsonkhano m'mphindi imodzi. Chovuta ndi kupeza ndalama yolowa m'malo mwake chaka ndi chaka. Ku pulayimale kalasi ikadzaza ana amapanikizana pansi. Ku yunivesite ndalama ikasowa, labu imakhala yopanda mankhwala, aphunzitsi amanyanyala ntchito, sukulu imatsekedwa miyezi, digiri ya zaka zinayi imatenga zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo aphunzitsi odziwa bwino ntchito amalongeza n'kupita ku Botswana kapena ku South Africa. Zikatero olemera amatumiza ana awo kunja, mwana wanu ndi amene amatsala m'sukulu yakufayo.

Komanso ulere suwonjezera malo. Chaka chilichonse ana ambirimbiri amakhoza bwino, amakwanitsa zonse zofunika, koma bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE likatulutsa mayina iwo palibe, chifukwa mipando ndi yochepa. Ndalama imene ingapite kolipirira mwana wa bwana ndi yomweyo imene ikanamanga hostel ina, kapena kukulitsa makoleji aukadaulo kumene achinyamata amaphunzira zamagetsi, zomangamanga ndi zowotcherera, ntchito zimene munthu amayamba kudya nazo asanafike n'kunyumba komwe.

Anzathu a ku South Africa anadutsa m'nkhondo imeneyi. Mu 2015 ophunzira anayamba zionetsero za FeesMustFall ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg, ndipo zinafalikira dziko lonse. Mu December 2017 Jacob Zuma analengeza maphunziro aulere, koma taonani, sanali a aliyense: anali a ana ochokera m'mabanja opeza ndalama zosapitirira R350,000 pachaka. Dziko lachuma chachikulu chotero, la migodi ndi mafakitale, linaika malire, ndipo ngakhale ndi malirewo bungwe la boma lolipirira ophunzira la NSFAS limavutikabe kulipira pa nthawi yake. Germany ndiyo ilibe fizi m'mayunivesite a boma, koma kumeneko anthu ambiri ali pantchito yolembedwa ndipo amadulidwa msonkho waukulu. Kwathu kuno ambiri ndi alimi ang'onoang'ono ndi ageni, ndipo bajeti yathu imadalirabe ngongole ndi abwenzi akunja.

Tsopano ndibwere pamene mtima wanga uli. Mkangano wa fizi umabisa chinthu chimene chimathamangitsa ana osauka ku yunivesite: njala. Mu 2016 ophunzira a UNIMA anachita zionetsero fizi itakwezedwa kufika K400,000 pachaka, ndipo pulezidenti Peter Mutharika anachotsapo K50,000. Nkhaniyo inamveka dziko lonse. Koma nkhani ya mwana amene amadya kamodzi patsiku, amene amagona anayi m'kachipinda ka lendi ku Chikanda, ku Zomba, chifukwa malo m'hostel sanapeze, amene alibe laputopu yolembera ntchito ngakhale ndalama ya bandulo, siimveka kawirikawiri. Fizi imalipidwa kawiri pachaka ndipo nthawi zina mukhoza kupempha kulipira pang'onopang'ono. Mimba ndiyo simva zimenezo. Ana ena amachotsedwa sukulu atalephera mayeso osati chifukwa chopanda nzeru, koma chifukwa nthawi yowerenga anali kothamanga ndi maganyu. Ndipo kwa ana aakazi, monga wanuyu, njala imabwera ndi choopsa china: azibambo amagalimoto amene amazungulira pafupi ndi masukulu akudziwa bwino amene alibe chakudya. Ndikunena izi poyera chifukwa inu ndinu kholo ndipo muyenera kudziwa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa ufa, nyemba ndi lendi unakwera, ndipo amene anamva ululu woyamba ndi ana omwewa. Ku Zambia boma linachotsa ndalama ya chakudya ya ophunzira mu 2019, ndipo boma la Hakainde Hichilema linaibwezeretsa, chifukwa zinaoneka kuti kulipirira mwana fizi uku alibe chodya n'kutaya ndalama.

Ndiye chimene ine ndikufuna ndi ichi. Mwana wochokera m'banja losaukitsitsa, makamaka mabanja amene boma likuwadziwa kale kudzera mu Mtukula Pakhomo, akasankhidwa alandire thandizo losabweza, lokwanira fizi, chakudya ndi pogona, ndipo lifike sabata yoyamba, osati semesita ikutha. Mwana amene wadutsa pa CDSS n'kufika pa yunivesite waonetsa kale kuti ndi wolimba, asamayesedwenso ndi mafomu osatha. Wa banja lapakati, mwana wa mphunzitsi wa ku pulayimale kapena wa wapolisi, apatsidwe ngongole yokwanira imene adzayambe kubweza akadzayamba kulandira malipiro. Amene angathe kulipira alipire yonse.

Njira imeneyi tili nayo kale mbali ina. Mu 2015 kunakhazikitsidwa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene ambiri amangoti Loans Board. Vuto ndi lakuti thumba lake ndi laling'ono poyerekeza ndi opempha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chimandipweteka kwambiri. Ngongole za ophunzira zinayamba m'ma 1980, ndipo anthu ambiri amene anazitenga sanabweze. Ena mwa iwo lero ndi mabwana m'makampani, m'boma ndi m'mabungwe, ali ndi nyumba za mipanda, ana awo ali ku sukulu zodula. Ngongole imene anatenga kalelo ndi yaing'ono moti akhoza kuibweza ndi malipiro a mwezi umodzi. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma anthu amenewa anawoloka n'kuiwala amene akubwera m'mbuyo. Lamulo limalola kuti olemba ntchito azidula ngongoleyi pa malipiro. Tili ndi chiphaso cha unzika, tili ndi MRA imene imadziwa amene akulandira ndalama zingati. Palibe chifukwa choti munthu wolandira malipiro abwino azibisala. Ngati mukuwerenga izi ndipo muli ndi ngongole imeneyi, kabwezeni, chifukwa ndalama yanuyo ndi imene mwana wa mayiwa akudikira.

Ndikudziwa kuti ena anditsutsa. Anena kuti ntchito kulibe, ndiye mwana amaliza sukulu ali ndi digiri m'manja ndi ngongole pamutu, akuyenda m'maofesi ndi envelopu zaka zitatu. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo n'chifukwa chake ndikuti kubweza kuziyendera malipiro: wopanda ntchito asavutitsidwe, wolandira zochepa adulidwe zochepa. Enanso anena kuti ndalama zilipo, kungoti zimabedwa, ndipo atchula Cashgate ya 2013. Sindikukana. Koma ngakhale ndalama zonse zobedwa zitabwezedwa mawa, ndingakondebe kuti ziyambe zapita kwa mwana wanu, ku labu ya pa CDSS ndi ku mankhwala m'chipatala, zisanapite kolipirira mwana wa munthu amene ali ndi magalimoto atatu. Pali malo amodzi pamene ndingalole boma kulipira aliyense: ntchito zimene dziko likuzisowa kwambiri, monga unamwino, udokotala ndi uphunzitsi wa sayansi, pokhapokha ngati wophunzirayo asayina kuti adzagwira ntchito m'dziko muno zaka zingapo, ngakhale kumudzi. Tinaona anamwino athu ambiri akupita ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, zipatala zathu n'kutsala zopanda anthu.

Koma mayi, inu simungadikire kuti malamulo asinthe, sukulu ikutsegulidwa posachedwa. Mwana alembe fomu ya ngongole ku Loans Board nthawi isanathe, ndipo anene zoona zonse za kunyumba, ndi umboni wa imfa ya bambo ake. Pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu mukapemphe kalata yofotokoza mmene banja lilili. Akafika pasukulu asachite manyazi, akaonekere kwa Dean of Students, mkulu woona za umoyo wa ophunzira, sabata yoyamba, chifukwa mabasale a makampani, mipingo ndi mabungwe nthawi zambiri amadzera mu ofesi imeneyo. Funsaninso a CAMFED ngati ali m'dera lanu, amathandiza atsikana. Ngati muli mu banki m'khonde, kambiranani ndi anzanu za ndalama ya mwezi woyamba, chifukwa thandizo limachedwa. Chokhacho chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: musapite kwa akatapila, ndipo musagulitse munda. Fizi ikavuta, mwana akapemphe kusungiridwa malo mwa kalata, asangosowa pasukulu osanena.