Mluzu mudzasankha pambuyo, yambani mwapima mota

Amdala, zoti decoder (kabodi kamagetsi koyendetsa ndi kuliza phokoso m'tisitima tathu ta model) iti ili ndi mluzu wokoma zisakusowetseni tulo. Tsunami2 ya SoundTraxx imabwera ndi miluzu yambirimbiri m'kati, mumangosintha nambala pa CV120 (CV ndi malo a setting m'kati mwa decoder) mpaka khutu litakhuta. LokSound 5 ya ESU, pa mafailo ambiri a phokoso la sitima za ku America, ndi CV163. Chimene chimaliza ndalama za anthu pagulu lino si mluzu ayi, ndi tsiku loika decoder m'sitima, makamaka ngati sitimayo ndi yakale yopanda socket, yofuna kuwotcherera waya mmodzimmodzi.

Ndikulemba mtima ukuwawa chifukwa zimayenda mofanana nthawi zonse. Kaphukusi kafika patatha masabata, mwalipira yotumizira, mwalipira msonkho, ndiye mwapereka kwa munthu amene walumbira kuti zamagetsi zonse amazitha. Wawotcherera mawaya bwinobwino, kunja kukuwala. Mwafika kunyumba, mwaika sitima pa njanji yaikulu, mwayatsa. Phokoso la nthunzi layamba, tsiii, ana abwera kudzaona. Mwadina batani la F2, mluzu walira kamodzi, wokoma kwabasi. Mwangopotoza throttle pang'ono, kwamveka ka "thi", nyale yaphethira, kautsi kowonda katuluka pansi pa tender (ngolo ya malasha ndi madzi kumbuyo kwa injini), kenako fungo la pulasitiki yopsa lija losachoka m'mphuno. Mukatsegula mupeza kachipu kamodzi katatupa ngati chithuza, mwina katabooka pakati. Basi, yapita. Nthawi zina phokoso limatsala, sitima n'kumalira mluzu ili chiimire osasuntha, ndipo zimenezo ndiye zimapweteka koposa. Mukabwerera kwa mmisiri uja akuuzani kuti munagula feki, kapena kuti ndi magetsi obwera mwamphamvu pambuyo pa load shedding. Bodza! Sanapime mota. Anthu awa saona kusiyana kwa DC (yoyendetsa sitima pokweza kapena kutsitsa magetsi a pa njanji) ndi DCC (yotumiza malamulo ku decoder kudzera pa njanji), safunsa, safuna kuwerenga ngakhale kapepala kobwera m'bokosi, koma ndalama ya ntchito amalandiriratu.

Chifukwa chake n'chakuti sitima zakale zambiri, makamaka za split chassis (thupi lachitsulo logawidwa pakati), burashi ya mota, imodzi kapena zonse ziwiri, imatenga magetsi ku chitsulo cha thupi la sitima. Pa DC palibe vuto. Pa DCC njanji imakhala ndi magetsi nthawi zonse, pafupifupi ma volt 14 kapena 15 pa sitima za saizi ya HO, ndiye burashi ikakhudza thupi magetsi a njanji amalowa chobwerera kumene decoder imatulutsira mphamvu ya mota, n'kuwotcha. Tengani multimeter, ikani pa continuity, chotsani mawaya onse akale, kenako pimani burashi iliyonse ndi thupi, komanso ndi mawilo a mbali zonse ziwiri. Ikalira, musapitirire. Ikani Kapton tepi pansi pa mota, pena pamafunika sikulufu ya nayiloni m'malo mwa yachitsulo. Mukamanga thupi pimaninso, chifukwa sikulufu ikathina imatha kuboola tepi.

Mitundu ya mawaya musasokoneze: wofiira ku njanji yakumanja, wakuda ku yakumanzere, wa olenji ndi wotuwa ku mota basi, wabuluu ndi common wa nyale, woyera nyale yakutsogolo, wachikasu yakumbuyo. Nyale zikakhala LED ikani resistor, 1k imakwana. A sipika ndi abulauni pa ESU, apepo pa SoundTraxx, ndipo awiriwa asakhudzane kapena kukhudza njanji, amplifier imafa pomwepo. Pimaninso stall current, magetsi amene mota imakoka ikaimitsidwa: sitima ikadali pa DC, ipatseni ma volt 12, igwireni kuti mawilo aime kwa kamphindi, werengani ma amp. Pa Tsunami2, TSU-1100 malire ake ndi 1 amp, TSU-2200 ndi 2 amp, ndipo mota zakale zimadya kwambiri kuposa mmene mungaganizire.

Ndipo koyamba, chonde, pa programming track, kanjanji kapadera kosinthirapo ma CV. Magetsi ake ndi ochepa, cholakwika chimaonekera decoder isanapse. Werengani CV1, adiresi ya sitima, iyenera kuyankha 3. Ikakana, tsegulaninso, musanene kuti tiyesere pa njanji yaikulu.

Tsono za mluzu. Anthu amadandaula kuti ukumveka ngati wa keketulo, n'kumasintha CV usiku wonse, pomwe vuto ndi sipika yopanda bokosi. Sipika ikakhala pamtetete, phokoso la kutsogolo ndi la kumbuyo limafafanizana. Kasipika ka sugar cube ka 11 ndi 15 mm kali m'kabokosi komatidwa bwino, kopanda pothawira mpweya, kamaposa sipika yaikulu yongoponyedwa mu tender. Onani ma ohm: Tsunami2 imafuna 8, LokSound 5 imalola kuyambira 4 mpaka 32, koma LokSound V3.5 yakale ija inkafuna 100, choncho mukagula ya second hand musailumikize ku sipika ya 8. Voliyumu tsitsani, CV128 pa SoundTraxx, CV63 pa ESU. Ya ku fakitale imakhala yokwera, mluzu umachita kusasa.

Sankhani wogwirizana ndi sitima yanu. Mluzu wonenepa wa ma chime asanu pamodzi ndi belu pa kainjini ka ku Britain n'zoseketsa, kumeneko sitima zambiri zinkalira ndi mawu amodzi owonda ndipo belu zinalibe. Mabatani nawonso amasiyana: mafailo a ku America F1 ndi belu, F8 ndi yoyatsa kapena kuzimitsa phokoso, pomwe a ku Europe a ESU F1 ndiye yoyatsa phokoso. Wina amafika poti decoder yafa, chonsecho sanadine batani loyenera. LokSound kuti muikemo failo ina pamafunika chipangizo cha ESU chotchedwa LokProgrammer, ndiye ngati mulibe muuzeni wogulitsa aikiretu asanatumize.

Chimene chimaulula ntchito yosatha ndi chuff, phokoso la kupuma kwa injini ya nthunzi. Injini ya ma cylinder awiri imapuma kanayi wilo likazungulira kamodzi, ya atatu kasanu ndi kamodzi. Yendetsani pang'onopang'ono, yang'anani rod, werengani, konzani pa CV57 ndi CV58 ngati ndi ESU, CV114 ngati ndi Tsunami2. Amene mukumanga Garratt ngati zija za Beyer Peacock zinkayenda muno mu Zambia nthawi ya Rhodesia Railways, 20th class ya 4-8-2+2-8-4, mufunika failo ya articulated, poti ndi ma injini awiri opuma mosiyana, pena kukumana pena kusemphana.

Fumbi la Lusaka la mu Ogasiti mpaka Okutobala ndi mdani winanso. Phokoso likamadukaduka n'kuyambiranso, pukutani njanji ndi mawilo ndi isopropyl, osati sandpaper, ndipo ikani keep-alive (kosunga magetsi kwa kamphindi), PowerPack kapena CurrentKeeper malinga ndi decoder yanu. Zikasokonekera lembani 8 pa CV8, zonse zimabwerera mwakale. Power supply yochokera ku America werengani kaye kumbuyo kwake, kuno ndi 230.

Komabe ngati dzanja lanu limanjenjemera, musawotcherere nokha ndi soldering iron yaikulu ya mawailesi. Pitani kwa anyamata okonza mafoni m'tauni, ndi amene ali ndi nsonga yowonda ndi maso akuthwa. Kungoti multimeter ikhale m'manja mwanu, ndipo musachokepo ngakhale kukagula madzi.