Ma app a pafoni angachepetsedi thupi? Yankho kwa achemwali a ku Area 25

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti amagwira ntchito ya muofesi, thupi linakwera atabereka mwana wachiwiri ndipo mpaka pano silikutsika. Anaika ma app angapo mufoni, ina yowerengera ma kalori (muyeso wa mphamvu zomwe zili m'chakudya), ina ya majowajowa, ina ikuwauza kuti alipire, koma sikelo ili pompo. Funso lawo ndi lakuti, kodi zimenezi zimathandizadi kapena nkungotha bandulo?

Achemwali, zimathandiza ndithu, koma ntchito yake yeniyeni ndi kukuonetsani zomwe mukuchita kale osazindikira. Ambirife timati "ine sindidya kwambiri" pomwe taiwala mandasi awiri a mmawa, tiyi wa masupuni atatu a shuga, chipisi cha pa lanchi ndi Sobo wa madzulo uja. Mukayamba kulemba chilichonse cholowa mkamwa mpamene maso amatseguka.

Ndiyambe ndi MyFitnessPal, app yolembamo zomwe mwadya nkuwerengera ma kalori, poti ndi yomwe ambiri amathamangira. Vuto lake kwa ife ndi nsima. Zakudya zambiri mmenemo analowetsa ndi anthu wamba, ndiye mukasaka nsima, kapena maina ake a m'maiko ena monga ugali, sadza ndi pap, mupeza manambala osiyanasiyana, komanso mtanda wa kwanu si mtanda wa kwa aneba, wina amaomola ndi chipande chachikulu, wina amaphika yolimba wina yofewa. Chomwe chimadziwika ndi ufa: magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi ma kalori pafupifupi 360. Ndiye musadzivute ndi kusaka nambala yeniyeni, sankhani imodzi muziigwiritsa ntchito yomweyo tsiku lililonse, cholinga muone ngati mitanda itatu ija ingakhale iwiri, masamba nkuchuluka m'mbale. Nsima musaisiye, chonde. Anthu osiyiratu nsima sachedwa kugonja, kenako amabwerera ndi njala yoopsa.

Pomwe ndikufuna muyang'anitsitse ndi mafuta ophikira ndi zakumwa. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi ma kalori pafupifupi 120, ndipo mmene timathirira mu ndiwo muja, kungopendeketsa botolo osayeza, masupuni anayi amalowa osawaona. Coca-Cola wa 330 ml ali ndi shuga magalamu pafupifupi 35, kuposa masupuni a tiyi 8, pomwe bungwe la WHO limati shuga woonjezera asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu zomwe timadya patsiku, kwa munthu wamkulu ndiye ngati magalamu 50 basi. Botolo limodzi latsala pang'ono kumaliza za tsiku lonse. Apa mpomwe app imapindulitsa kwambiri, chifukwa zinthu za m'botolo manambala ake ndi odalirika kusiyana ndi za pa mbaula.

Za kuyenda ndiye zosavuta. Ma app ngati Samsung Health amawerenga masitepe ndi kachipangizo komva kugwedezeka kali mufoni momwemo, safuna bandulo kuti awerenge. Koma foni ikhale pathupi, ikatsala m'chikwama patebulo inu muli pikitipikiti ndi ntchito zapakhomo imalemba ngati munangokhala. Nambala yotchuka ya masitepe 10,000 patsiku isakuopseni, inachokera ku malonda a kamakina kowerenga masitepe ku Japan cha m'ma 1960. Onani kaye mumayenda angati sabata yoyamba, kenako muonjezere pang'onopang'ono, mwina kutsika minibasi siteji imodzi musanafike kapena kusiya kabaza pa mtunda waufupi. WHO imati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo zolimbitsa minofu masiku awiri. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu kwakwana kale 150.

App ikakuuzani kuti mwaotcha ma kalori 400 musathamangire kukagula kanyenya ati kubwezera. Manambala amenewo ndi ongoyerekeza ndipo amatha kuphonya kwambiri, apa mpomwe ambiri amadzinamiza. Ndipo ngati muyamba kuthamanga ndi Strava, app yojambula pa mapu njira yomwe mwadutsa, bisani pomwe mwayambira mu ma setting, chifukwa mapu aja amaonetsa pakhomo panu kwa anthu osawadziwa, kwa munthu wamayi nkhani imeneyi si yaing'ono.

Yolipira ija isiyeni, zaulere zikukwanirani. Ma app olonjeza mimba yafulati m'masiku 7 ndi tiyi wochepetsa thupi wa pa Facebook ndi bodza lomwe limandipweteka mtima, chifukwa limadyera anthu omwe akuvutika kale. Kutsika kwabwino ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata, pena sabata imadutsa osasuntha nkomwe. Kwerani sikelo kamodzi pa sabata, mmawa, sikelo yomweyomweyo, muziyezanso m'chiuno ndi tepi ya atelala nkulemba mu app.

Simunanene ngati mwana akuyamwabe. Ngati akuyamwa musatsate nambala yochepa ya ma kalori yomwe app ikupatseni musanalankhule ndi anamwino ku sikelo ya ana, chimodzimodzi ngati muli ndi BP kapena shuga ndipo mukumwa mankhwala. Mukapitako mupemphe akuyezeni zonse ziwiri, ndipo pakatha mwezi mudzandilemberenso ndimve mmene zikuyendera.