Kuoda zida za nitrous kunja: botolo liwoloke lopanda kanthu, kiti ikhale yathunthu

Achimwene, mwafunsa kuti malonda a zida za nitrous oxide, mpweya wothira mu injini ya galimoto kuti mphamvu ichuluke, amayenda bwanji, katunduyo amawoloka bwanji malire, komanso ngati wogulitsa ayenera kudziwa kamangidwe kake. Ndiyambe ndi lomalizali. Ayenera ndithu, chifukwa injini ikaphulika kasitomala sathera kwa makaniko, amafikanso kwa amene anamugulitsa kitiyo.

Katundu ameneyu ali pawiri, zida ndi mpweya, ndipo siziyendera limodzi. Zida za makampani ngati NOS, Nitrous Express kapena ZEX zimawoloka ngati zipangizo zina zonse za galimoto. Pa invoice palembedwe chinthu chilichonse ndi dzina lake, mulipire msonkho, basi. Mpweyawo ndi nkhani ina. Uli m'gulu la katundu woopsa, nambala yake ndi UN1070, chifukwa ndi wopanikizidwa komanso umakolezera moto. Choncho botolo limagulidwa lopanda kanthu, limawoloka lopanda kanthu, ndipo papepala muzilemba momwemo. Botolo lodzaza siloika m'basi kapena m'ndege pakati pa zikwama. Musanaode ngakhale kiti imodzi, pezani kaye wodzaza mabotolo kumene mukukagulitsako, apo ayi mwagulitsa chokongoletsera galimoto. Funsaninso malamulo a dziko lomwe galimotoyo ikayendamo, popeza kwina nitrous ndi ya pabwalo la mpikisano pokha.

Pogula botolo werengani zodindidwa paphewa pake. Mabotolo ambiri ndi a aluminiyamu olowa mapaundi 10, pafupifupi makilogalamu 4.5, ndipo amayenera kuyesedwa mphamvu zaka 5 zilizonse. Deti likapitirira, wodzaza wosamala amalikana. Botolo logwiritsidwa kale ntchito lokhala ndi chipsera cha moto musalitenge ngakhale akupatseni ulere.

Tsono chomwe kasitomala ayenera kumva kwa inu ndi ichi: nitrous payokha siyaka ndipo siipatsa injini mphamvu. Ikatentha kufika madigiri pafupifupi 300 imasweka n'kutulutsa okosijeni. Pa kulemera kwake, 36 peresenti ndi okosijeni, pomwe mpweya wamba uli ndi 23 peresenti yokha. Mphamvu imachokera ku petulo wowonjezera amene okosijeniyo amawotcha. Petuloyo akachepa, moto umatentha mopyola muyeso, pulagi imasungunuka kunsonga, pisitoni n'kubooka pamwamba, zonsezi m'masekondi ochepa.

N'chifukwa chake kwa oyamba kumene ndi bwino kuoda kiti yomwe amaitcha wet. Ili ndi masolenoidi awiri, omwe ndi mavavu otseguka ndi magetsi, ya nitrous ndi ya petulo, ndipo zonse zimatulukira pa nozulo imodzi. Kiti ya dry imathira nitrous yokha n'kusiyira kompyuta ya galimoto kuti iwonjezere petulo kudzera m'mainjekita, ndiye imafuna munthu wodziwa kutchuna. Kukula kwa mphamvu kumachokera ku tizitsulo tabowo totchedwa majeti. Injini ya masilinda anayi yosasinthidwa mkati iyambire pa mphamvu yowonjezera ya 35 mpaka 50 hp (horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini). V8 yabwinobwino imapirira 100 kapena 125. Majeti amayenda awiriawiri motsatira tchati cha kampani yomweyo, osasakaniza a makampani awiri. Kumbukiraninso kuti 100 hp yowonjezera imafuna petulo wina pafupifupi malita 30 pa ola, ndiye pampu yotopa siingakwanitse.

Apa ndi pomwe amalonda ambiri amaluzira dzina. Kiti yotchipa imabwera ndi botolo, mapayipi, masolenoidi ndi batani, koma zoteteza injini zimagulitsidwa padera. Odani zonse pamodzi. Pakufunika swichi ya presha ya petulo, yodula nitrous petulo akangofooka. Pakufunika window switch, yoletsa nitrous pansi pa 3,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) ndi kuidula kutatsala 300 kapena 500 rpm kuti injini ifike pa limita, malire omwe kompyuta siilola injini kupitirira. Chifukwa chake n'chakuti injini ikamazungulira pang'onopang'ono, nitrous yomweyo imagawidwa m'masitiroko ochepa, presha m'silinda n'kukwera mpaka makonirodi kupindika. Pa limita napo, kompyuta ikadula petulo kapena moto pamene nitrous ikulowabe, manifodi imaphulika. Onjezani geji ya presha, bulangete lamagetsi lotenthetsera botolo, purge valve yotaya mpweya wotsalira m'payipi, rile, fyuzi, ndi mapulagi ozizira (otaya kutentha msanga) sitepe imodzi kapena ziwiri kuposa omwe alimo.

Pomanga, botolo likhale mu buti pa mabulaketi ake, mabawuti obowoleza chitsulo cha galimoto okhala ndi mawasha aakulu kunsi. Vavu iloze kutsogolo kwa galimoto, itukuke pang'ono, lebulo iyang'ane kumwamba. Mkati mwa botolo muli kapayipi kofika pansi kumbuyo, komwe nitrous yamadzimadzi imathamangira galimoto ikafwamphuka. Mukalitembenuza limakoka nthunzi yokha. Ngati buti ndi yolumikizana ndi mokhala anthu, ikani payipi yochokera pa vavu yotulukira kunja kunsi kwa galimoto, chifukwa kachitsulo koteteza kamaphulika presha ikafika 3,000 psi (muyeso wa presha) n'kukhuthula botolo lonse nthawi imodzi.

Payipi ya nitrous yopita ku injini idutse kutali ndi ekizozi, shafti ndi waya wa batire, ndipo podutsa pa bowo pakhale labala. Musanailumikize ku solenoidi ipemereni kaye kuti zinyalala zituluke. Tepi yoyera ya mapulambala isayandikire konse: kachidutswa kake kamatseka jeti ya petulo kapena kusiya solenoidi ili yotsegula. Zolumikizira mapayipi zili mitundu iwiri, NPT ndi AN: pa mazinga a NPT pakani phala la Teflon pang'ono, pa AN musapake kanthu. Girizi ndi oyilo nazo ayi. Nozulo ikhale pafupifupi masentimita 15 throttle (chitseko cholowetsa mpweya mu injini) isanafike, sensa ya MAF yoyeza mpweya itadutsa kale, kukamwa kwake kutaloza ku injini. Taimingi ibwezedwe madigiri 2 pa 50 hp iliyonse, mpata wa pulagi uchepe kufika mamilimita 0.8 kapena 0.9, petulo akhale wa octane yapamwamba yomwe ikupezeka.

Presha yoyenera ndi 900 mpaka 950 psi, yomwe imabwera botolo likakhala pa madigiri pafupifupi 30. Likazizira galimoto imalemera ndi petulo wochuluka, likatentha kwambiri nitrous imapitirira petulo. Kulitenthetsa ndi moto wa gasi kumafooketsa aluminiyamu, ndipo botolo lotero limang'ambika ngati bomba. Geji siikuuzani zotsala mkati, popeza presha imatsatira kutentha. Ikani botolo pa sikelo, muchotsere kulemera kwake lili lopanda kanthu. Pa 100 hp injini imadya pafupifupi magalamu 360 m'masekondi 10.

Kuyesa koyamba kuchitike botolo lili lotseka, kuti mumve masolenoidi akugunda ndi kuona injini ikutsamwa petulo akalowa yekha. Kenako jeti yaing'ono, masekondi ochepa, n'kumasula mapulagi kuwayang'ana. Mukamaliza kugwiritsa ntchito, vavu ya botolo itsekedwe nthawi zonse. Solenoidi ikadontha injini ili chizimire, manifodi imadzaza nitrous, ndipo kuliza injini pamenepo n'kuphulitsa. Zikatero zulani mawaya a makoyilo ndi fyuzi ya pampu ya petulo, pondani throttle mpaka pansi, muzungulitse injini ndi sitata kwa masekondi angapo, kenako mubwezeretse zonse.

Chenjezo lina lilembeni pa lisiti penipeni. Nitrous ya galimoto amaithira sulphur dioxide dala kuti anthu asamaikoke, ndipo ikamatuluka m'botolo imazizira kufika madigiri 88 pansi pa ziro. Womasula payipi avale magolovesi ndi magalasi.