Za "kusunga ndiyamba mwezi wamawa"

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji malipiro akangolowa mumati "kusunga ndiyamba mwezi wamawa", mwezi wamawawo n'kufika, mawu n'kukhala omwewo. Ena pano akuti ndi ulesi. Ine ndikukana.

Tayesani kufunsa anthu kuti asankhe K10,000 lero kapena K11,000 mawa. Ambiri anena kuti bweretsani yalero. Koma mukati K10,000 pakatha masiku 30 kapena K11,000 pakatha masiku 31, omwewo ati tidikira. Chonsecho kudikirako ndi kwa tsiku limodzi lomwelo. Zikakhala patali timaganiza bwino, zikafika m'manja mtima umalamula. David Laibson, katswiri wa zachuma wa ku yunivesite ya Harvard ku America, analemba za khalidweli mu 1997, ndipo silisankha wolemera kapena wosauka.

Kumadzulo kwa Kenya, akatswiri a zachuma Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson anapeza alimi ambiri akunena kuti chaka chamawa athira feteleza, koma mvula ikamagwa ndalama zitatha kale. Atawapatsa mwayi wolipiriratu atangokolola, n'kudzawabweretsera mpaka pakhomo osalipira mayendedwe, othira feteleza anachuluka. Mtengo sanatsitse, anangosintha nthawi yolipira.

Kwathu kuno zinayesedwanso, ku esiteti ya tiyi ya Lujeri ku Mulanje. Antchito anafunsidwa ngati angafune kuti gawo la malipiro awo lizisungidwa, adzalandire pamodzi patapita miyezi ingapo, popanda chiwongoladzanja. Pafupifupi theka anavomera. Tangoganizani, munthu kupempha yekha kuti amulipire mochedwa! Ena mwa iwo anafolera nyumba ndi malata.

Chipereganyu chimayendanso choncho. Ine ndalama zikakhala pafoni sizigona: bando, chipisi cha pachiwaya, mlamu waimba kuti zavuta, pofika pa 10 kwatsala mauthenga okha. Koma ya chipereganyu sindinaphonyepo, chifukwa msungichuma wathu amafika pa desiki panga tsiku lamalipiro ndi kope lake, sachoka mpaka nditapereka. Manyazi amandigwira kuposa mapulani onse amene ndinalembapo mu Januwale.

Ndiye inu musalimbane ndi mtima pa 25, malipiro atalowa kale. Pitani kubanki sabata ino, malipiro asanalowe, mukasaine kuti azidula okha n'kuika ku akaunti yopanda khadi. Kungoti musadzimange kwambiri, maliro ndi matenda sizipangana tsiku. Ine ndinayamba ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo mwezi woyamba ndinapitabe kukafunsa ngati ndingatapeko. Mzere unali wautali, ndinabwerera pakhomo.