Funsani za geni: Kodi ndingalembetse ndekha kampani ya "Limited"?

FUNSO

Mayi mlangizi, ine ndimawotcherera zitsulo ku Mchesi mu Lilongwe. Ndimapanga mafelemu a mawindo, zitseko ndi madesiki a ana asukulu, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka 9. Mwezi wathawu bungwe lina linkafuna madesiki 120, koma litandifunsa setifiketi ya kampani ndi TPIN, nambala ya msonkho ija, ndinangoti kukamwa yasa, ntchito n'kupita kwa wina. Mnyamata wina wati ndimupatse K400,000 andiyendetsere zonse kuti ndikhale "Limited". Kodi sindingathe kuchita ndekha? Chinanso, makina owotcherera anandigulira ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, ndiye akuti tilembetse tonse, hafuhafu. Ndithandizeni nzeru.

Wowotcherera wa ku Mchesi

YANKHO

Bambo, K400,000 yanuyo isungeni, mugulire marodi ndi penti. Kulembetsa kampani mungathe nokha, ndipo palibe lamulo lokukakamizani kudzera kwa loya kapena kwa dobadoba. Ine yangayi, yolembera anthu mabuku a ndalama, ndinalembetsa ndekha nditakhala pa tebulo lodyera, laputopu yobwereka ili patsogolo, mwana akukoka chitenje. Mafomuwo si ovuta. Chimene chandikhazika pansi m'kalata yanu ndi nkhani ya alamu anuyo, koma tifikako.

Choyamba dzifunseni ngati mukufunadi "Limited". Ku ofesi ya Registrar General, yolembetsa mabizinesi ndi makampani, kuli makomo awiri. Khomo loyamba ndi lolembetsa dzina la bizinesi potsatira Business Registration Act ya 2012. Mumalandira setifiketi, mumakatenga TPIN ku MRA, mumatsegulanso akaunti kubanki m'dzina la bizinesiyo. Ndaona anthu ambiri akupata ntchito za mabungwe ndi pepala limeneli lokha, choncho bwererani mukafunse bwinobwino kuti bungwe lija linkafuna setifiketi yanji. Vuto la khomo limeneli n'lakuti pamaso pa lamulo inu ndi bizinesiyo ndinu munthu mmodzi. Ngongole ikakukulirani, olanda katundu amanyamula makina owotcherera, kenako n'kupitirira kunyumba kukanyamula firiji ndi mipando.

Khomo lachiwiri ndi la kampani, potsatira Companies Act ya 2013 yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2016, kulowa m'malo mwa lamulo lakale la 1984. Kampani ikalembetsedwa imakhala ngati munthu payokha. Imakhala ndi katundu wake, imakongola payokha, imasumira anthu ndipo imasumiridwa. Inu mumakhala mwini wa masheya, ndipo zinthu zikavuta mumataya zokhazo zomwe munalowetsa kapena munalonjeza kulowetsa pa masheyawo. Mawu oti "Limited" akunena malire amenewa.

Nzeru imeneyi inakhazikika pa mlandu wa munthu wantchito yamanja ngati inu nomwe. Aron Salomon ankasoka nsapato za chikopa ku London. Anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani, iye n'kutenga masheya 20,001, mkazi wake ndi ana asanu n'kupatsidwa sheya imodziimodzi. Malonda atalowa pansi, angongole anati kampaniyo inali chigoba chabe, Salomon alipire za m'thumba mwake. Mu 1896 bwalo lalikulu la ku Britain, House of Lords, linakana, linati kampani yolembetsedwa motsata lamulo ndi munthu wina, mwini wake ndi munthu winanso. Ophunzira zamalamulo kuno kwathu amauwerengabe mlanduwu mpaka lero. Salomon anachita kusonkhanitsa banja lonse chifukwa lamulo la nthawiyo linkafuna anthu asanu ndi awiri. Lathu la 2013 limalola munthu mmodzi kukhala mwini masheya onse, yemweyonso n'kukhala dailekitala. Mfundo imeneyi muisunge, muifuna pocheza ndi alamu anu.

Kalembetsedwe kake kamachitika pa intaneti, pa Malawi Business Registration System, ambiri amangoti MBRS. Mumatsegula akaunti yanu ndi imelo komanso nambala ya foni, ndipo ndikupempheni kuti zikhale zanuzanu. Ndinathandizapo mayi wina wogulitsa zipangizo zomangira nyumba amene anamutsegulira akaunti ndi dobadoba pa imelo ya dobadobayo. Patatha chaka mnyamatayo anasowa, foni osagwira, mayiyo n'kumalephera kulowa m'nyumba yakeyake. Mukatsegula akauntiyo mumayamba ndi dzina. Konzeranitu mayina atatu, chifukwa dzina lofanana kapena loyandikana kwambiri ndi la kampani ina silivomerezedwa. Ine langa loyamba linabwezedwa, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti linkangosiyana chilembo chimodzi ndi la anthu ena amene anandiyambirira. Mayina a "General Dealers" ndi "Investments" achuluka ngati mchenga. Sankhani lonena ntchito yanu, loti wofuna madesiki akaliwerenga adziwe kuti wafika kwa wowotcherera.

Kenako mudzafunika chiphaso cha unzika cha dailekitala aliyense ndi mwini masheya aliyense, adiresi ya ofesi ya kampani, ntchito yomwe kampaniyo izichita, chiwerengero cha masheya ndi mmene mwagawanira, komanso chikalata chokhazikitsira kampani chomwe amachitcha memorandum of association. Madailekitala amasaina kuti avomera udindowo. Amafunanso kudziwa mwini weniweni amene azidya phindu, choncho za kubisala kumbuyo kwa dzina la mphwanu zisiyeni. Adiresi ikhale ya malo enieni omwe kalata ya kukhoti ingakupezeni. Shedi yanu ya ku Mchesi ndi yokwanira, simukusowa ofesi ya magalasi ku City Centre.

Pa mayina a anthu samalani zilembo. Ine kuyambira kusukulu dzina la bambo anga ndimalemba ndi "r", pomwe pa chiphaso changa analemba ndi "l". Pa fomu ndinalemba monga ndinazolowera, ndipo ndinataya sabata yathunthu kukonza cholakwa changachanga. Ikani chiphaso pambali pa kompyuta, muzikopera chilembo ndi chilembo. Mukamaliza, mumapatsidwa invoisi ya ndalama yoti mulipire. Lipirani ndalama yomweyo kudzera njira yomwe yalembedwapo, lisiti musunge. Munthu akakuuzani kuti muonjezere "ya fanta" kuti zifulumire, dziwani kuti ikupita m'thumba mwake.

Tsopano alamu anu. Anachita bwino kukugulirani makina, ndipo sindikuti muwatembenukire. Koma hafuhafu ndi kagawidwe komwe ndimakaniza aliyense wobwera pa tebulo langa. Nkhani za eni masheya zimagamulidwa ndi mavoti, ndipo mavotiwo amayendera masheya. Mukakhala 50 kwa 50, tsiku lomwe mudzasemphane palibe wogonjetsa mnzake. Inu mudzafuna kugula jenereta chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, iwo adzafuna kugawana phindu chifukwa feteleza wakwera, ndipo kampani idzangoti chilili ngati galimoto yopanda dalaivala. Komanso taganizirani zomwe aliyense akubweretsa. Iwo abweretsa makina, kamodzi kokha. Inu mukubweretsa luso la zaka 9, makasitomala, shedi, ndi maso anu omwe amayaka ndi moto wa rodi tsiku ndi tsiku.

Pali njira ziwiri zabwino. Yoyamba, makinawo akhale ngongole. Mugwirizane mtengo wake wa lero, mulembe kuti kampani izibweza zingati pamwezi, muonjezerepo kachiwongoladzanja kowathokoza, masheya onse akhale anu. Yachiwiri, ngati akufunadi kukhala nawo m'kampani, werengerani mtengo wa zonse zomwe aliyense akulowetsa, masheya agawidwe motsatira zimenezo. Mwachitsanzo pa masheya 1,000, inu 700, iwo 300. Azidya nawo phindu, koma chiwongolero chikhale m'manja mwa amene amagona akuganiza za ntchitoyo.

Ndinena chinthu chomwe pakhonde sitinena. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, koma ulamu umadalira ukwati. Ukwati ukagwedezeka, masheya sagwedezeka nawo, amakhalabe a mwini wake. Ndipo alamu anu atati atisiya, masheyawo ndi chuma chamasiye, amapita kwa olowa m'malo awo. Mukhoza kudzapezeka muli pa msonkhano wa kampani ndi anthu omwe sanagwirepo chitsulo chikhalireni. N'chifukwa chake pamafunika pangano lolemba la eni masheya, lonena kuti wofuna kutuluka azigulitsa kaye masheya ake kwa mnzake, mtengo wake muziupeza motani, ndipo wina akamwalira zizitha bwanji. Apa ndi pomwe ndalama ya loya ili ndi phindu. Mafomu a pa intaneti lembani nokha, koma pangano ili lionedwe ndi wodziwa malamulo. Pokamba nawo alamuwo muitanenso mayi a kunyumba akhalepo, kuti mawa nkhani isadzamveke mokhota kumudzi.

Setifiketi ikatuluka musathamangire kuikhoma pakhoma n'kupumula, pakuti ntchito imayambira pomwepo. Kampani imafuna TPIN yakeyake ku MRA, yosiyana ndi yanu. Imafuna akaunti yakeyake kubanki, ndipo kumeneko adzakufunsani setifiketi, memorandum ija, ziphaso zanu ndi kalata ya madailekitala yonena osainira. Laisensi ya malonda ndi nkhani ina, ya kukhonsolo. Mukafuna ma tender a boma muyeneranso kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, ndi kukhala ndi kalata ya MRA yosonyeza kuti misonkho yanu ili bwino. Msonkho wa phindu la kampani ndi 30 peresenti, ndipo phindu lotsalalo mukamagawana monga eni masheya pamadulidwanso 10 peresenti. Anyamata anu mukawalemba ntchito yokhazikika pamabwera PAYE, msonkho wodula pa malipiro, ngati malipiro awo afika pa mlingo wodula msonkho, komanso penshoni, yomwe olemba ntchito amaika 10 peresenti, wogwira ntchito 5 peresenti. Chaka chilichonse pali annual return yopita kwa Registrar, yonena kuti madailekitala ndi eni masheya ndi ati, ofesi ili kuti. Imeneyi imafunika ngakhale chaka chimenecho simunawotcherere ndi hinji yomwe. Madobadoba izi satchula, chifukwa yawo imathera pa setifiketi.

Pomwe anthu athu amagwera kwambiri ndi pa thumba. Ndalama ya madesiki ikalowa mu akaunti ya kampani si yanu, ndi ya kampani. Ndikudziwa mmene zimakhalira. Foni imalira usiku kuti kumudzi kwagwa zovuta, pakufunika bokosi ndi galimoto, ndipo ndalama yomwe ilipo ndi yomweyo. Mawa fizi ya mwana, mkuja lendi ya nyumba. Pakutha pa chaka mumandibweretsera jumbo ya malisiti osakanikirana, la simenti ya kunyumba lili pamodzi ndi la marodi, ndipo ine ndimangogwira m'mutu. Dzilembereni malipiro a pamwezi ngati wantchito wa kampani yanu, za pakhomo zizichokera pamenepo. Ngati mwatapa pa vuto ladzidzidzi, lembani tsiku ndi ndalamayo ngati ngongole, mudzabweze. Makina omwe muli nawo kale alembedwenso kuti alowa m'kampani, apo ayi simudzadziwa kuti ndi a yani tsiku la mkangano.

Musamvenso ngati "Limited" ndi chithumwa. Dailekitala amene akutenga katundu pangongole akudziwa kuti kampani singathe kulipira, kapena wogwiritsa ntchito kampani pobera anthu, khoti likhoza kumulamula kulipira za m'thumba mwake. Mabankinso ndi ochenjera. Kampani yatsopano ikapempha ngongole, kawirikawiri amafuna kuti mwini wake asainire payekha kuti kampani ikalephera alipira ndi iye, mwinanso apereke chikole cha nyumba kapena puloti. Mukasaina pepala limenelo, pa ngongole imeneyo mpanda wa "Limited" uja mwaugumula nokha. Liwerengeni muli khale, ndipo ngati chikole chake ndi nyumba yomwe mukugonamo, mayi a kunyumba adziwe cholembera chisanakhudze pepala.

FUNSO

Mayi, ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu. Ndikufuna kulembetsa kampani ya minibasi kumudzi ndisanabwerere. Zingatheke ndili kuno?

Mwana wa ku Mangochi

YANKHO

Achimwene, mafomu mungalembe muli komweko, ndipo masheya onse akhoza kukhala anu. Koma lamulo limafuna kuti dailekitala mmodzi akhale munthu wokhala kuno ku Malawi, choncho mufunika wina woti aime pa udindowo. Dailekitala sachita kukhala ndi masheya, ndiye musamupatse ndi imodzi yomwe pongofuna kumusangalatsa. Sankhani munthu amene munamutumizirapo ndalama ya malata, malatawo n'kugulidwadi. Minibasizo zilembetsedwe m'dzina la kampani, ndipo kubanki mukonze zoti ndalama iliyonse ikatuluka uthenga uzibwera pa foni yanu ku Johannesburg komweko.